Kunyamula Zitsulo Popanda Kuthyola Msana

Dzuwa likapendeka ku Ndirande, ku Kawale, ku Chinsapo kapena ku Chibavi, kuseri kwa nyumba zina kumayamba kumveka kulira kwa zitsulo. Anyamata amavula malaya n'kuzungulira benchi ya matabwa. Chonyamula chawo ndi paipi imene nsonga zake anazimiza m'zitini za penti zodzaza ndi simenti, mwinanso zitsulo zakale za galimoto zotola kugalaja. Wina akaigwira paipiyo, anzake amamuchemerera: "Kweza, aise! Kamodzi kokha, kweza!" Iye amaluma mano, mitsempha ya m'khosi n'kuimirira, chitsulo n'kunyamuka.

Koma limafika tsiku lina, chitsulo chili m'mawondo, mnyamata amamva ngati wina wamulasa ndi mpeni m'chiuno. Amachiponya pansi n'kugwira kumsana. Usiku wonse tulo osabwera. M'mawa kuti adzuke pamphasa pafunika womugwira dzanja, nsapato sangavale yekha, kuyetsemula kumene kukumuliza. Mayi amatereka madzi oti amuthowe, mlongo wake amatumidwa kuokala kukagula bulufeni, ndipo bambo amagamula kuti zitsulozo zichoke pakhomo lero lomwe.

Kabuku kano kalembedwera nyumba ngati imeneyo. Uthenga wake ndi wakuti chitsulo pachokha si mdani wa msana. Msana umavulala katundu akaposa amene thupi linazolowera, akanyamulidwa kutali ndi thupi, kapena wonyamulayo akakakamira atatopa kale. Ukavulala, nthawi zambiri umapola pakhomo pomwepo. Pali zizindikiro zochepa chabe zofuna chipatala tsiku lomwelo, ndipo aliyense m'banja ayenera kuzidziwa.

Vutoli si la anyamata a zitsulo okha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2020 anthu 619 miliyoni ankavutika ndi msana wa m'munsi, ndipo chiwerengerochi chikuyembekezeka kufika pa 843 miliyoni pofika 2050. Palibe vuto lina limene limalepheretsa anthu ambiri kugwira ntchito zawo kuposa limeneli. Komabe ofufuza a ku Sweden ataunika mu 2017 za kuvulala kwa ochita mpikisano wonyamula zitsulo, anapeza kuti pa maola 1,000 alionse ochita masewerawa, kuvulala kumachitika kamodzi mpaka kanayi basi. Malo amene ankavulala kwambiri anali msana, mapewa ndi mawondo.

Nkhata za pakati pa mafupa

Msana si fupa limodzi. Ndi mafupa ang'onoang'ono osanjikizana kuchokera m'khosi mpaka m'chiuno. Mafupa 5 akumunsi, amene madokotala amawatchula L1 mpaka L5, ndi aakulu kuposa anzawo chifukwa ndiwo amasenza thupi lonse la kumtunda pamodzi ndi chilichonse chimene manja agwira. Pakati pa fupa ndi fupa pali kanthu kotchedwa disiki. Ntchito yake ndi ya nkhata imene mayi amaika pamutu asanasenze ndowa: kuti cholimba chisagundane ndi cholimba chinzake, komanso kuti kulemera kumwazikane. Kunja kwake disiki ndi yolimba ngati tayala, mkati mwake muli zofewa. Kumbuyo kwa mafupawa kuli mpata momwe mumadutsa mitsempha yochokera ku ubongo, yotsikira m'miyendo, ku chikhodzodzo ndi kumatumbo. Zonsezi zinamangidwa ndi minofu monga luzi limangira phaso la denga.

Kuvulala kofala kwambiri ndi kwa minofu ndi timitsempha tolumikiza mafupa. Zikakokedwa mopitirira, zimatupa, ndipo minofu yozungulira malowo imauma gwa pofuna kuteteza povulalapo. Ndi apo anthu amati msana wagwira. Ululu wake ndi woopsa, koma kukula kwa ululu sikutanthauza kuti chawonongeka n'chachikulu. Pa anthu 10 alionse omva msana wa m'munsi, pafupifupi 9 sapezeka ndi fupa lothyoka kapena nthenda ina yodziwika.

Kuvulala kwachiwiri ndi kwa disiki. Chikopa chake chakunja chikang'ambika, zofewa za mkati zimatulukira kumbuyo n'kukanikiza mtsempha. Izi zimachitika kawirikawiri pa madisiki awiri otsiriza, pakati pa L4 ndi L5 ndi pansi pa L5. Wodwalayo amamva ululu woyenda ngati magetsi kuchokera m'thako, kutsika kumbuyo kwa ntchafu mpaka m'katumba kapena kuphazi, nthawi zina ndi dzanzi m'zala za kumwendo. Kukhala pampando, kutsokomola ndi kuwerama kumauwonjezera. Mtsempha waukulu wodutsa njira imeneyi umatchedwa sciatic.

Kwachitatu n'kwa achinyamata amene mafupa awo sanakhwime. Kupindira msana kumbuyo mobwerezabwereza, monga pokweza chitsulo pamwamba pa mutu chifuwa chitatulutsidwa, kungathe kung'alula kachigawo kopyapyala ka kumbuyo kwa fupa, makamaka la L5. Mwana wotero amadandaula kwambiri akaweramira chagada, ndipo ululuwo umabwerera nthawi iliyonse akachita masewera.

Kumene ngozi imachokera

Mu 1999 katswiri wina wa ku Ulm m'dziko la Germany, Hans-Joachim Wilke, ndi anzake analowetsa kachipangizo koyezera mkati mwa disiki ya pakati pa L4 ndi L5 ya bambo wina wa zaka 45 amene anadzipereka yekha. Anamuuza kuima, kukhala, kugona ndi kunyamula katundu wa makilogalamu 20, kulemera kwa chigubu chimodzi cha madzi. Atawerama miyendo ili chiwongokere, msana utapindika, disikiyo inapanikizika kuposa kanayi poyerekeza ndi pamene anangoima chabe. Atapinda mawondo, kupanikizikako kunatsika. Atagwira katundu yemweyo pafupi ndi thupi, kunali pafupifupi kawiri kokha.

Katundu anali yemweyo, munthu yemweyo. Chinasintha ndi mtunda wa pakati pa katunduyo ndi msana, ndipo ichi ndi choyamba chobweretsa ngozi. Aliyense amene anagwirapo khasu lodzaza dothi manja atatambasula amadziwa mmene kanthu kochepa kamalemerera kakatalikira.

Chachiwiri ndi kulumpha makwerero. Minofu imakula msanga, koma madisiki, mafupa ndi timitsempha tolumikiza zimalimba mochedwa. Mnyamata amene wanyamula kwa miyezi iwiri amaona mikono yake ikufufuma n'kuganiza kuti thupi lonse lakhwima. Mu jimu ya kuseri kwa nyumba vutoli limakula chifukwa zitsulo zake ndi zitatu kapena zinayi basi, ndipo palibe amene akudziwa kulemera kwake. Wochoka pa chaching'ono amagwera pa chachikulu popanda cha pakati. Nthawi zina chitini china n'cholemera kuposa chinzake, motero msana umanyamula chopendekeka.

Chachitatu ndi kutopa. Minofu ya pamimba ndi ya kumsana ikatopa imasiya kugwira, kulemera konse n'kutsamira pa madisiki. N'chifukwa chake ambiri savulala pokweza koyamba koma kotsiriza kuja, kumene anzawo akukuwa kuti "kamodzi kokha". Wina amafika pa zitsulo ataswera pa ganyu yoponya njerwa kapena pa kabaza, m'mimba muli chimanga chootcha chokha, tulo ta dzulo tosakwana.

Chachinayi ndi kupotokola thupi katundu ali m'manja, mapazi ataima malo amodzi. Kuwerama ndi kupotokola zikakumana, chikopa cha disiki chimavutika kwambiri. Nthawi nayo ili ndi mbali yake. Usiku munthu akagona madisiki amamwa madzi n'kufufuma, mwakuti m'mawa munthu amakhala wamtaliko ndi sentimita imodzi kapena kuposerapo. Disiki yofufuma siifuna kupindidwa mwamphamvu, choncho ola loyamba munthu atangodzuka si nthawi yabwino yozula cholemera pansi.

Zimene makanema saonetsa

Anyamata ambiri amaphunzira masewerawa pa foni. Amaonera Eddie Hall wa ku England akuzula makilogalamu 500 mumzinda wa Leeds mu 2016, kulemera kwa matumba 10 a chimanga. Iye anali atakonzekera kwa zaka zambiri, thupi lake lokha linkalemera makilogalamu oposa 180, komabe atangochitula chitsulocho anagwa n'kukomoka.

Dzina lina lodziwika pakati pa adzitho ndi Ronnie Coleman, amene anali wapolisi ku Arlington m'chigawo cha Texas ku America. Anapambana mpikisano wa Mr. Olympia maulendo 8 motsatizana, kuyambira 1998 mpaka 2005. Kanema wake akuchita masikwati, kunyonyomala ndi kudzuka, ndi makilogalamu oposa 360 paphewa akuyendabe m'mafoni mpaka lero. Koma m'zaka za m'ma 1990 disiki yake inang'ambika ali pa masikwati omwewo, ndipo iye anapitiriza kunyamula zolemera kwa zaka zambiri ululu uli pomwepo. Atasiya mpikisano wachitidwa maopaleshoni oposa 10 a msana, khosi ndi chiuno. Mafupa a m'chiuno mbali zonse ziwiri anamuikira opanga, ndipo poyenda amadalira ndodo kapena njinga ya olumala. Coleman anali ndi madokotala odziwa ntchito ndiponso ndalama zolipirira. Mnyamata wa kuseri kwa nyumba akafika pamenepo, wosenza mtolowo ndi mayi ake.

Kanyamulidwe koyenera

Thupi lozizira silinyamula. Wonyamula ayambe ndi mphindi 5 mpaka 10 zoyenda ndawala, kudumpha chingwe kapena kunyonyomala popanda katundu mpaka thukuta litayamba. Kenaka achite masewera omwewo ndi paipi yopanda kanthu, n'kumakwera pang'onopang'ono kufika pa kulemera kwa tsikulo.

Pozula chitsulo pansi, mapazi aime motalikirana ngati m'lifupi mwa chiuno, paipi ili pamwamba pa pakati pa phazi, pafupi kukhudza miyendo. Matako abwerere kumbuyo ngati munthu wofuna kutseka chitseko manja ali ndi katundu, mawondo apindike, chifuwa chisagwe. Asanakoke, apume mpweya wambiri n'kulimbitsa mimba ngati akuyembekeza chibakera. Akatero akankhe nthaka ndi mapazi, chitsulo chikwere chikukhula miyendo, chiuno ndi mapewa zinyamukire pamodzi. Akaima asaweramire chagada. Potsitsa adutse njira yomweyo mosafulumira, chifukwa ambiri amasamala pokweza koma potula n'kulekerera.

Muyeso wa kulemera koyenera ndi wosavuta. Ngati munthu sangakweze chitsulo maulendo 8 mpaka 12 msana uli mmene unayambira, chitsulocho chamukulira. Ndi bwinonso kulekeza mphamvu zokwezera kawiri kapena katatu zikadalipo. Powonjezera, makilogalamu 2 kapena 3 akwana, pakadutsa sabata imodzi kapena ziwiri. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Minofu imene yagwira ntchito yolemera lero ipume mawa lonse, chifukwa imakula popuma, pakudya ndi pogona.

Jimu ya pakhomo ingakonzedwe popanda ndalama zambiri. Sikelo imene mavenda amayezera soya ndi mtedza ikhoza kuyeza chitini chilichonse, ndipo nambala yake ilembedwe ndi penti. Zitini zolemera mosiyana zisakhale pa paipi imodzi. Pofuna timakwerero ting'onoting'ono, mabotolo a madzi omangidwa bwino mbali zonse amathandiza, popeza lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Zitsulo zongolowetsa pa paipi zimangidwe kuti zisapulumuke. Pansi pakhale posalaza ndi pouma, ndipo patapata avulidwe. Wochita masikwati kapena wogona pabenchi akhale ndi anzake awiri, wina mbali iyi wina mbali inayo, okonzeka kulandira.

Nanga lamba wachikopa amene onyamula zitsulo amamanga m'chiuno? Amathandiza wodziwa kale kunyamula kuti alimbitse mimba pa katundu wolemera zedi, koma sateteza msana kwa wonyamula molakwika. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2000 ku America, wokhudza antchito oposa 13,000 onyamula katundu m'masitolo akuluakulu, anapeza kuti ovala malamba ankavulala msana chimodzimodzi ndi osavala. Choopsa cha lamba n'chakuti amalimbitsa mtima wa munthu kuti agwire chimene sakanachigwira.

Matumba, zigubu ndi mitolo

Pakhomo pali zitsulo zina zosatchedwa zitsulo. Thumba la chimanga, la feteleza ndi la simenti, lililonse ndi makilogalamu 50. Bungwe la boma la America loona za chitetezo cha antchito la NIOSH linaika makilogalamu 23 ngati malire a katundu amene anthu ambiri angamanyamule bwinobwino, ndipo apo ndi pamene katunduyo ali pafupi ndi thupi, ali ndi pogwira pabwino, popanda kupotokola. Thumba limodzi la feteleza likuposa malirewo kawiri. Choncho thumba ndi la anthu awiri, kapena la wilibala, kapena la njinga. Likakhala la chimanga, kuligawa pawiri kumangotaya mphindi zochepa.

Mwambo wosenzetsana ndi kutulana pamjigo ndi wanzeru. Nthawi yoopsa kwa mayi wotunga madzi ndi pamene akuchotsa ndowa pansi kupita nayo pamutu ali yekha, makamaka mwana ali kumbuyo. Popanda womusenzetsa, ndowa iyambe yakwera pa bondo kapena pa chiunda, kenaka pamutu. Wonyamula m'manja agawe madzi m'zigubu ziwiri zofanana m'malo mopendekeka ndi chimodzi. Mayi woyembekezera kapena amene wangochira kumene apeputsiridwe ntchitoyi. Agogo aakazi nawonso asamalidwe, chifukwa mayi akasiya kusamba mafupa ake amayamba kufooka, ndipo fupa la msana likhoza kuphwanyika ndi katundu wooneka wochepa.

Msana ukagwira

Choyamba ndi kusiya kunyamula nthawi yomweyo. Kuyesanso "kuti uwongoke" kumawonjezera bala.

Kale anthu ankalangizidwa kugona mpaka ululu utatha. Madokotala anasiya malangizo amenewo ataona kuti ogona masiku ambiri amachedwa kuchira, popeza minofu imafooka ndipo msana umauma. Kupuma tsiku limodzi kapena awiri ululu ukakhala waukulu n'kololedwa, koma ngakhale pamenepo wodwala azidzuka pafupipafupi n'kuyenda pang'ono pabwalo. Tsiku lililonse aziwonjezera mtunda ndi tintchito topepuka. Pogona, chammbali ndi pilo kapena chitenje chopinda pakati pa mawondo kumapepuza, chimodzimodzinso chagada ndi pilo kunsi kwa mawondo. Podzuka ayambe wagudubuzikira chammbali, kenaka adzikankhe ndi manja.

Kuthowa ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda kwa mphindi 15 mpaka 20 kumamasula minofu. Madziwo ayesedwe kaye pa dzanja la wothowayo kuti asawotche khungu. Kusisita mofatsa kulibe vuto. Koma kuuza mwana kuti aponde pamsana, kapena kukoka wodwala miyendo ndi manja kuti fupa "libwerere", n'koopsa, makamaka ngati disiki yang'ambika kapena fupa lang'aluka. Kutema mphini sikufika pamene pali vuto, ndipo lezala yogwiritsidwa kale ntchito ikhoza kupatsira matenda.

Pa mankhwala, a mtundu wa bulufeni amachepetsa ululu ndi kutupa, koma amwedwe munthu atadya, pa mlingo wolembedwa, kwa masiku ochepa. Bulufeni, diclofenac ndi indocid ndi a banja limodzi, choncho kuwaphatikiza sikuwonjezera machiritso koma chiopsezo cha zilonda za m'mimba ndi kuwonongeka kwa impso. Mayi woyembekezera, munthu wa zilonda za m'mimba, wa vuto la impso, wa BP, ndi amene akumwa ma ARV afunse kaye kuchipatala. Panado yekha sathandiza kwenikweni pa msana, ngakhale ndi amene amatsalira anthu amene enawo sawayanja. Kumwa mankhwala n'cholinga chokanyamulanso zitsulo ululu utabisika ndi njira yosandutsira bala laling'ono kukhala lalikulu.

Ambiri amayamba kupeza bwino m'sabata ziwiri zoyamba, ndipo pofika sabata 6 amakhala atachira kapena atatsala pang'ono. Ngakhale disiki yotuluka imatha kuphwa yokha: kafukufuku wa zithunzi za odwala wasonyeza kuti pafupifupi awiri mwa atatu alionse, chotulukacho chimachepa popanda opaleshoni.

Zosadikira mawa

Kumunsi kwa msana mitsempha imamwazikana ngati mchira wa hatchi. Disiki yaikulu ikatuluka n'kuikanikiza yonse pamodzi, munthu akhoza kulumala moyo wake wonse akapanda kuchitidwa opaleshoni mwachangu. Zizindikiro zake ndi dzanzi pakati pa miyendo, kumaliseche ndi kumatako, malo onse okhudza chishalo cha njinga. Kulephera kukodza kapena kusamva kuti mkodzo ukutuluka. Chimbudzi kutuluka chokha. Ndi miyendo yonse iwiri kufooka kapena kuchita dzanzi. Izi zimachititsa manyazi kunena, makamaka mnyamata kwa mayi ake, choncho bambo, malume kapena mchimwene wake amufunse mosabisa mawu. Chizindikiro chimodzi chokha mwa izi chikwana kunyamuka usiku womwewo.

Ulendo wa tsiku lomwelo ukufunikanso phazi likayamba kukwakwaza pansi kapena mwendo ukamafookerafookera, komanso mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka pambuyo pa masewera olemetsa, minofu itatupa ndi kupweteka kwambiri. Mkodzo wotero ukhoza kusonyeza kuti minofu yawonongeka ndipo impso zili pangozi.

Ngati chitsulo chagwera munthu pamsana, kapena wagwa nacho ndipo sakutha kusuntha miyendo, asamudzutse kapena kumukhazika. Anthu anayi kapena kuposerapo amunyamule mutu, msana ndi miyendo zili mzere umodzi, amugoneke pa thabwa kapena pa chitseko, ndipo apite naye pa galimoto ali chigonere. Kabaza si ya wodwala wotere.

Nthawi zina chitsulo chimangoulula nthenda imene inalipo kale. M'Malawi muno TB ya msana ilipo, ndipo imadya mafupa mwakachetechete mpaka msana kutuluka linunda. Msana wopweteka usiku ngakhale munthu atagona phee, limodzi ndi kutentha thupi, thukuta la usiku kapena kuonda, ukufuna kuyezedwa msanga, makamaka kwa amene ali ndi HIV, anadwalapo TB kapena khansa. Ululu wa m'mbali mwa msana wobwera ndi kutentha thupi ndi kuwawa pokodza ukhoza kukhala wa impso. Mwana wosakwana zaka 18 amene msana wamupweteka kupitirira sabata ziwiri kapena zitatu aonedwenso, monganso wamkulu amene wafika sabata 6 osasintha.

Kuchipatala

Poyambira ndi chipatala chaching'ono cha kudera, chomwe chimatumiza ku chipatala cha boma cha m'boma. Kumeneko kumapezeka ogwira ntchito ophunzira za mafupa, ndipo m'zipatala zambiri mulinso a mafizo. Zovuta kwambiri zimapita ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe komwe kulinso chipatala cha mafupa ndi mitsempha cha LION, ku Zomba Central kapena ku Mzuzu Central. Ku Blantyre kulinso Kachere Rehabilitation Centre, komwe amaphunzitsanso kuyenda ndi kudzisamalira anthu amene avulala kwambiri.

Odwala ambiri amakhumudwa akabwerako osajambulidwa. Koma X-ray imaonetsa mafupa okha, osati minofu, madisiki kapena mitsempha. Ngakhale makina a MRI, amene amaonetsa zonsezi, akhoza kuopseza munthu pachabe. Kafukufuku wa mu 2015 anasonyeza kuti mwa anthu a zaka 20 osamva ululu uliwonse, 30 pa 100 alionse ali ndi disiki yotundumuka, ndipo mwa a zaka 80 chiwerengerocho ndi 84. N'chifukwa chake dokotala amayamba ndi kufunsa ndi kupima mphamvu za miyendo, ndipo amajambula pokhapokha pakakhala chomukayikitsa. Kwa amene ululu wa msana wawo wakhalitsa kuposa miyezi 3, malangizo amene WHO inatulutsa mu 2023 amalimbikitsa mafizo ndi kuphunzitsa wodwala za vuto lake, ndipo amaletsa kudalira malamba, kukoka msana ndi makina, ndi mankhwala amphamvu a gulu la morphine.

Kubwerera ku zitsulo

Msana wochira umafuna kulimbitsidwa, osati kusungidwa ngati dzira. Poyambira ndi kuyenda tsiku ndi tsiku. Kenaka pali masewera atatu amene anatchuka kudzera mwa Stuart McGill, katswiri wa za msana wa ku yunivesite ya Waterloo ku Canada, ndipo onse amangofuna mphasa. Oyamba, munthu amagwada manja ali pansi, n'kutambasula dzanja lamanja kutsogolo ndi mwendo wamanzere kumbuyo kwa masekondi 10, kenaka n'kusintha. Achiwiri, amagona chammbali atatsamira chigongono, n'kukweza chiuno kuti thupi liwongoke. Achitatu, amagona chagada bondo limodzi litapindidwa, manja ali kunsi kwa chiuno, n'kudzutsa mutu ndi mapewa pang'ono chabe.

Akamatha kuyenda, kuwerama, kuvala nsapato ndi kunyamula ndowa popanda ululu wolasa, angathe kugwiranso paipi yopanda kanthu. Kuchoka apo akwere pang'onopang'ono kwa masabata angapo, akuyambira pansi pa theka la zimene ankanyamula kale. Chitsulo chiyambe chaikidwa pa njerwa kuti asawerame kwambiri. Kuphwanya kwa minofu kotha pa tsiku limodzi kapena awiri ndi kwachibadwa. Ululu wolasa, wotsikira kumwendo, kapena wokula m'mawa mwake ukutanthauza kuti abwerere pa kulemera kwa sabata yatha. Wosuta fodya adziwenso kuti fodya amachepetsa magazi ofika pafupi ndi madisiki, ndipo osuta amavutika ndi msana kuposa osasuta.

Mbali ya banja

Makolo ena amaletsa ana awo zitsulo poopa kuti apinimbira. Kafukufuku sanapeze kuti masewera olimbitsa minofu ochitidwa moyenera amaletsa mwana kutalika. Chimene chimavulaza ana ndi kupikisana kuti aone wokweza chachikulu, popanda wamkulu wowayang'anira. Mwana ayambe ndi thupi lake lomwe, monga kunyonyomala, kudzikankha pansi ndi kudzikoka pa nthambi yolimba, ndipo zitsulo zibwere zopepuka pamaso pa munthu wodziwa. Ana ang'onoang'ono asasewere pamene akulu akunyamula, ndipo zitsulo zikatha ntchito zigonekedwe pansi, zisatsamizidwe kukhoma.

Chakudya chomanga thupi chili m'nyumba momwemo: nyemba, soya, mtedza, usipa, mazira ndi mkaka, pamodzi ndi nsima, ndiwo zamasamba ndi madzi okwanira. Mapiritsi ndi jakisoni zofufumitsa minofu zogulitsidwa mobisa zimawononga chiwindi ndi mtima, ndipo zimapatsa minofu mphamvu zimene timitsempha tolumikiza sitinafikepo.

Kutaya zitsulo kawirikawiri kumangosamutsira mnyamata ku jimu ya kwa anzake, kumene diso la kholo silifika. Bambo amene wabwereka sikelo Loweruka m'mawa, n'kuyeza zitini pamodzi ndi mwana wake, amadziwa chimene chikunyamulidwa pakhomo pake. Pa msomali wa pafupi ndi benchi pakhoza kupachikidwa kope lolembamo tsiku, kulemera ndi maulendo amene aliyense wakweza. Patsamba loyamba la kopelo palembedwe zizindikiro zothamangira kuchipatala, pamodzi ndi nambala ya foni ya munthu wa galimoto amene angadzutsidwe usiku.